Timikate ta Dothi Pamafuwa Anga

Amuna anga sanandipangirepo chinthu mosamala ngati mmene anamatira denga la mkazi wa mkulu wawo. Mawu amenewa ndakalamba nawo. Ana anga akawamva amaseka, amati amayi nsanje yawo ndi ya dothi. Aziseka, sanaone.

Amuna angawo ndi mkulu wawo anali ochokera kumtunda, cha ku Chitala, ndipo onse awiri anadzakwatira m'mudzi mwathu kunyanja nakhala akamwini. Alamu anga anazolowera nyanja msanga. Anapeza bwato ndi khoka, ndipo nyengo ikafika ankapita ku chilumba cha Mbenji ndi asodzi anzawo. Amuna anga madzi ankawaopa ngati mbuzi. Ntchito yawo inali kumanga nyumba ndi kufolera, ndipo anali munthu wosalankhula, woti ukamufunsa funso m'mawa yankho lake udzalimva dzuwa litapendeka.

Mkazi wa alamu angawo anali msinkhu wanga, wamtali, wa mpata kumano. Anabereka mapasa, ndiye mudzi wonse unkangomuitana kuti make mapasa. Ine panthawiyo ndinali ndi mwana mmodzi, wodwaladwala. Sitinkadana ayi. Tinkatunga limodzi, tinkasinja limodzi. Koma chilichonse chimene iye anali nacho chinkaoneka chokulirapo kuposa changa, ngakhale nkhuku.

Nkhondo yaikulu ya azungu itatha, alamu anga anaona siling'i, chotchinga choyera cha kunsi kwa denga, m'sitolo ina pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo anabwerako mtima uli pomwepo. Matabwa analibe, choncho anasoka ziguduli zakale, anazikoka pansi pa denga mpaka zinachita kuti nga, kenako anazipaka njereza. Mpata umene umatsala pakati pa khoma ndi denga anautseka ndi zinyalala za thonje zimene anatola kumene ankagulako thonje, kuti mphepo ya mwera ndi mileme zisamalowe. Anthu anachita kubwera kudzaonerera. Ukalowa, udzu sunkaoneka, mwaye sunkagwera m'chakudya, m'mwamba monse munali mbee. Ine ndinabwerako khosi likuwawa, mtima nawonso ukuwawa. Ndinawavutitsa amuna anga kuti atipangire yathu. Anangoti, "Chiguduli n'chosungira mbewu." Basi nkhani inathera pamenepo.

Nyumbayo inapsa masana, mwera uli pafupi kutha. Make mapasa ankawamba nsomba pakhonde, mphepo inatembenuka, kamoto kamodzi kanauluka n'kukatera m'thonje muja. Thonje siliyamba ndi malawi. Limanyeka chamumtima, ndipo moto unayenda pamwamba pa khoma kuzungulira nyumba yonse popanda woona. Pamene utsi unkatulukira, unali utagwira kale mbali zonse. Ana anali kwa agogo awo. Alamu anga analowa kuti atulutse khoka, ziguduli zija zinawagwera zikuyaka. Anthu anawatulutsa amoyo, koma sanakhalitse.

Pamaliro panabwera atsibweni awo a amuna anga, munthu wamkulu amene ankasamala za banja lawo kumtunda. Titameta, iwo ndi akuluakulu a kwa make mapasa anakhala pansi. Nkhani inali yakuti namfedwayo atani: amusudzule akhale mfulu, kapena mng'ono wa malemu alowe chokolo, amutenge akhale mkazi wake wachiwiri. Mng'ono wa malemu anali mmodzi yekha, amuna anga. A kwa mkaziyo ankafuna chokolo, chifukwa amuna anga anali ndi manja ogwira ntchito, ndipo mapasa aja anali magazi awo. Kutchalitchi zimenezi ankaletsa, koma ine ndinali nditaonapo amuna akusiya benchi la m'tchalitchi pa zifukwa zochepa kuposa mkazi wa mpata kumano.

Atawafunsa maganizo awo, amuna anga anayang'ana pansi.

"Ayambe wapeza pogona," anatero.

Atsibweni anavomera. Anati adzabweranso mvula isanagwe kuti adzamve mawu enieni. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka ndi funso limodzi, n'kugona nalo: kodi amuna anga akumumangira nyumba namfedwa, kapena akudzimangira okha?

M'mawa wina ndikuti ndisonkhe moto, ndinapeza pamafuwa anga pali timikate ta dothi, tophwatalala ngati zigumu, tili ndandanda. Kalikonse kanali ndi chizindikiro chake, kena kobowola ndi chala, kena kolemba ndi kamtengo.

"Nanga izi n'zodya ndani?" ndinafunsa.

"Musazisunthe, mayi. Zikuyesedwa."

"Ndiye ine ndiphikire pati?"

"Phikani pomwepo. Moto wanuwo ndi umene ndikuufuna."

Choncho ndinkaphika mozungulira timikate ta nyumba ya mkazi wina. Amuna anga, amene sankadziwa n'komwe kuti mchere m'nyumba watha liti, tsopano ankakhala kukhitchini kwanga atanjuta, akutembenuza timikate tawo ndi kamtengo. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirane, anayamba kulankhula osafunsidwa. Dothi lathu la kunyanja kuno, anati, lachuluka mchenga, likauma limangoyoyoka. Makande a kudambo amamata bwino, koma akauma amang'aluka, ndipo mng'alu ndi khomo la moto. Ndowe zimagwira dothi, koma zikachuluka zimanyeka ngati thonje lomwe lija. Mankhusu a mpunga amapeputsa, denga silingalemere, koma nawonso ukawonjeza dzanja limodzi lokha dothi limafuka utsi. Ankatenga kamkate kotentha n'kukaika pamwamba pa udzu wouma kuti aone ngati udzuwo uchite chikasu. Ankakathyola, n'kununkhiza pakati pake. Kena ndinawaona akukalawa ndi lilime.

Ndinkamvetsera mtima ukutentha. Munthu uyu mawu anali nawo nthawi yonseyi, ndipo anawasungira dothi la make mapasa.

Pamapeto pake anasankha dothi lofiira la pachulu, losakaniza ndi phulusa ndi mankhusu pang'ono chabe. Komabe kamkate kake kankang'aluka m'mbali. Anakhala nako masiku, akukayang'ana ngati mwana wodwala. Kenako tsiku lina maso awo anatera pa phale langa.

Phale limenelo linali chibenthu cha mphika umene amayi anandipatsa pokwatiwa. Ndinkakazingira mtedza ndi chimanga, ndipo linali litapsa zaka zambiri mpaka linkalira ngati chitsulo ukaligogoda.

"Mayi, mundibwereke phale ili."

"Mudzabweza?"

Analinyamula. Anati dothi limene lapsa kale silichitanso mantha ndi moto, ndipo ukalipera n'kulisakaniza limagwira linzake kuti lisang'aluke. Analiphwanya ndikuona, analipera pamwala. Kamkate kotsatira sikanang'aluke. Pambuyo pake anayenda mudzi wonse kupempha mapale, akazi n'kumawapatsa akuseka chamseri, koma loyamba kuperedwa linali langa.

Chulu chimene anasankha sichinali pafupi. Cha kuseri kwa mudzi anachikana, anati muli mchenga. Anapeza china kumtunda, ulendo woti ukanyamuka m'mawa ubwerako dzuwa lili pamutu. Akazi a m'mudzi anagwirizana kuti akathandize kututa. Wina anaima pakhomo panga ndi dengu lake.

"Tiyeni anzathu, mutu umodzi susenza denga."

Ndinkafuna kumuuza kuti dengalo si langa, mutu wokha ndiwo wanga. Koma amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Ukakana, anthu anena kuti waopa. Pita. Ndipo maso ako akakhale komweko."

Ndinapita. Ndinasenza dothi la nyumba ya make mapasa pamutu panga, thukuta likutsikira m'maso, iye ali patsogolo panga ndi dengu lake, khosi lili chilili ngati sanasenze kanthu. Ngakhale ali m'maliro, nsalu yakuda inkamukhala.

Makoma ataphomedwa, ntchito yeniyeni inayamba. Nyumba zathu khoma la pakati linkalekera m'njira, moti munthu wamtali ankatha kusuzumira kuchipinda ali pabalaza. Amuna anga khoma limenelo analikweza mpaka kumwamba, osasiya ngakhale pokwana khoswe, kuti moto ukabuka kophikira usalumphire kogona ana. Mitanda sanaipachike ndi luzi. Anati luzi ndilo limayamba kupsa, ndipo likaduka zonse zimagwera munthu. Anaikhazika pa nsanamira za mphanda. Bango analikana, anati limayaka ngati pepala. Anatenga nsungwi, koma anazing'amba zonse, chifukwa nsungwi yathunthu ikatentha imaphulika n'kuswa dothi. Anaziyala mothinana pamitanda, anamata pamwamba pake, ndipo mpata uja wa pakati pa khoma ndi denga, mmene mkulu wawo anaikamo thonje, anaudzaza ndi dothi lokhalokha, akulikankha ndi chibakera.

Chovuta chinali kumata cha kunsi. Anamanga nsanja m'nyumbamo, n'kugona chagada pamwamba pake, dothi likuwagwera kumaso. Munthu wina ankayenera kuima pansi n'kumawapatsira mibulu ya dothi. Ine ndinali ndi mwana wodwala kumbuyo, munda wa mpunga ukudikira khasu. Wopatsira anali make mapasa.

Ndinkapeza zifukwa zodutsira kumeneko. Mwina ndikufuna moto, mwina nkhuku yanga yasochera. Ndikaima pakhomo ndinkaona dzanja la amuna anga likutsika osayang'ana, dzanja la iye likukwera, mbulu wa dothi n'kusintha mwini. Sankalankhulana. Zikanakhala bwino akanamalankhulana, bwenzi nditamva zimene akunena. Iye ankadziwa kukula kwa mbulu umene iwo akufuna asanapemphe. Ine zaka zonsezo sindinkadziwa n'komwe ngati ndiwo zanga zimawakomera.

Chakudya cha kumeneko sanadyepo. Make mapasa ankawaphikira, monga mmene aliyense amachitira ndi munthu amene akumumangira, koma iwo ankatsika pansanja, n'kusamba m'manja, n'kubwera kudzadya kwathu. Zimenezi ndinazifufuza bwino. Ngakhale zinali choncho, mtima wanga sunakhale pansi. Ndinkati munthu amene akubisa kanthu ndiye amasamala chonchi.

Dothi litayamba kuuma anatenga mwala wa make mapasa wokulungizira pansi, n'kuyamba kukulungiza dengalo. Imeneyo ndi ntchito ya akazi, ndipo ndi ya pansi popondapo, osati m'mwamba. Amuna anzawo ankawaseka. Iwo anati timing'alu tating'ono timatsekeka ndi mwala dothi likadali lachinyezi. Denga lija linasalala mpaka linkanyezimira ngati mtsuko watsopano. Ndinakaliona ndi maso anga.

Tsiku limenelo atabwera kudzadya, ndinawaikira mbale mwamphamvu mpaka msuzi unatayikira.

"Bambo, mapanga awiri avumbwitsa."

Anapitiriza kusamba m'manja.

"Tayang'anani kumwambaku," ndinatero, ndikuloza denga lathu. Udzu unkalendewera pamwamba penipeni pa mafuwa, wakuda ndi mwaye, wouma gwa. "Mwana wanu amagona pansi pa ichi. Ine ndimaphika pansi pa ichi. Phale langa munalipera, dothi ndinasenza ndine, moto woyesera unali wanga. Kapena ife ndife osapsa?"

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine.

"Kuno ine ndilipo," anatero.

Anayamba kudya. Ine ndinatuluka n'kukalirira kuseri kwa nyumba, chifukwa ndinkaona kuti andizemba. Ndinkati mumtima, lero mulipo, nanga mvula ikagwa mudzakhala kuti?

Mitambo itayamba kusonkhana kutsidya kwa nyanja, atsibweni anabwera monga ananenera. Mphasa zinayalidwa m'mawa pansi pa mtengo wa mango, amuna mbali yawo, ife akazi mbali yathu. Ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi. Make mapasa anakhala chapatali ndi ana ake, atazolika.

Atsibweni anayamba mwaulemu, akuzungulira monga amachitira akuluakulu. Atafika pa funso lenileni, amuna anga anaimirira.

"Atsibweni, ndisanayankhe, tabwerani muone nyumba."

Anthu anayang'anana, koma anadzuka. Amene anakwana analowa, enafe tinaunjikana pakhomo. Amuna anga anasolola udzu wouma, anaumanga muuni waukulu, anauyatsa pamoto. Akazi ena anakuwa. Make mapasa anagwira ana ake n'kubwerera m'mbuyo, nkhope itasintha, chifukwa moto m'nyumba anali atauona kale zimene umachita. Amuna anga anakweza muuni uja n'kuugunditsa kudenga, pamwamba pa malo ophikira. Malawi anafalikira pansi pa dothi, akufunafuna polowera. Anausuntha kupita nawo pakona, pamene khoma limakumana ndi denga. Anaugwira chomwecho mpaka moto unafika pa zala zawo, ndipo anautaya pansi n'kuuponda.

Pamwamba panangotsala banga lakuda. Mmodzi wa akuluakulu anatuluka kukayang'ana udzu kunja, anabwerako akupukusa mutu. Panalibe ndi utsi womwe.

"Atsibweni," amuna anga anatero, "nyumba iyi sifuna mwamuna woilondera. Mayiwa asudzuleni, akhale mfulu. Anawa ndi anga, ndidzawalimira, ndidzawaveka. Koma ine nyumba yanga ndi ija ya udzu woonekera."

Sindinamvepo mawu ambiri chotero kuchokera pakamwa pawo pagulu. Amayi anandifinya dzanja mpaka linawawa. Akuluakulu a kwa mkaziyo anang'ung'udza pang'ono, koma atsibweni anati mwana wanena, ndipo nkhani inatha. Ine, m'malo moyang'ana amuna anga, ndinayang'ana make mapasa. Ndinkafuna kuona ngati zamupweteka. Iye ankayang'ana banga lija kudenga, misozi ikutsika. Ngati ankalirira malemu, kapena moto, kapena yankho lija, sanandiuzepo, ndipo ine sindinamufunsepo.

Ndinapambana, ndipo ndinakondwa. Masiku amenewo ndinkayenda ngati ndavala nsalu yatsopano. Ndinali nditamva tsopano tanthauzo la mawu aja a pambale ya msuzi, ndipo ndinadikira mwaulemu kuti mvula ithe, ndikudziwa kuti chilimwe chikubwerachi dothi la pachulu lidzalowa m'nyumba mwanga.

Silinalowe. Chaka chimenecho anati chaka chamawa. Kenako kunagwa njala yaikulu ija, ndipo munthu sasenza dothi m'mimba mulibe kanthu. Njala itapita ana anachuluka, anga ndi mapasa aja, onse akuyang'ana khasu limodzi. Mbiri ya muuni inali itamveka, moti anthu a midzi ina ankabwera kudzawatenga kuti akawamatire madenga, n'kumawapatsa nkhuku ndi mpunga. Koma ndikunena zoona, palibe limene analikulungiza ndi mwala ngati lija. Ndikawakumbutsa za lathu, yankho linali lomwelo.

"Kuno ine ndilipo, mayi."

Ndipo analipodi. Sanagonepo kunja kwa nyumba yanga kupatula pamaliro. Mwera ukamawomba sankapita kutali. Tsiku lina udzu unagwira moto ndikukazinga nsomba, ndipo ndisanakuwe n'komwe iwo anali atakwera kale, akuuzula ndi manja. Zipsera zake anapita nazo kumanda. Akazi anzanga ankandisirira, ankati ndinakwatiwa ndi munthu wa nyumba imodzi. Ine ndinkavomera, koma ndikadutsa pakhomo pa make mapasa maso ankapita okha kumwamba.

Amuna anga anamwalira mapasa aja atakula kale. Anadwala chifuwa nyengo imodzi yokha ya dzinja. Make mapasa sanakwatiwenso, ngakhale omufunsira analipo. Nyumba yake aifolera udzu watsopano kambirimbiri, koma dothi la m'kati silinagwepo ngakhale kachibenthu. Ana anga akuti adzandigulira malata. Akuti.

Masiku ano mwera ukayamba, ndimazimitsa moto msanga ndipo mtsuko wa madzi umakhala pafupi ndi mafuwa. Make mapasa amatuma mdzukulu kudzandiuza kuti ndikaphikire kwake, kuopa ngozi. Ndi munthu wabwino, sindinanenepo kuti ndi woipa. Nthawi zina ndimapita. Timakhala pamphasa awiriwiri, mano atatha, mpata wake uja sukudziwikanso. Iye akamakamba za mawondo ake, ine ndimakhala ndikuyang'ana kumwamba. Banga la muuni lidakalipo. Kuwala kukalowa pakhomo, timadontho tofiira ta mapale timaoneka m'dothi, ndipo ndimadziwa kuti tina mwa ito ndi ta phale langa. Pakona pamene mwala sunkafika, amuna anga anasalaza ndi dzanja, ndipo zala zawo zinadindika pamenepo, ndi chala chawo chaching'ono chopindika chomwe.

Make mapasa amaziona tsiku lililonse akangotsegula maso. Ine ndikabwerera kwanga n'kuyang'ana kumwamba, ndimaona udzu.